Mafunso Anu: Ndapanga kachida kochotsera kanyama m'thupi, za patenti ndiyambire pati?

Mwezi uno makalata angapo agwera pa nkhani imodzi, ya zida zimene madokotala amachotsera kanyama kapena chotupa m'thupi komanso ma patenti ake, nde tangowaika pamodzi. Ena tawadulako chifukwa cha malo.

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndine namwino, ndimagwira ntchito mu fiyeta kupatsira madokotala zida pa opaleshoni. Pali ka singano kamene timatengera kanyama mkati mwa chotupa kuti kakayezedwe ku labu ngati muli khansa, biopsy ija, vuto lake nthawi zina kanyamako kamatuluka kataphwanyika kapena kochepetsetsa mpaka a ku labu kubweza kuti tengani kena, nde wodwala kubayidwa kawiri zimandimvetsa chisoni. Ndaganiza kapangidwe kena ka kunsonga kwa singanoyo, ndajambula bwinobwino papepala ndipo mnzanga wina wodziwa zosula wandipangira kachitsanzo. Anzanga akuti ndikaonetse ku msonkhano wa azaumoyo kenako ndiponye pa Facebook kuti makampani andione, ena akuti ayi yamba wapeza patenti. Kodi patenti ndi chani kwenikweni, nanga ndiyambire pati? Namwino wa mu fiyeta

YANKHO: Achemwali, foniyo ibwerere kaye m'thumba, ndipo za kumsonkhanozo ziyambe zadikira. Patenti amapereka pa chinthu chatsopano, ndipo akati chatsopano ndekuti chisanaonekepo poyera kwina kulikonse padziko tsiku lopereka fomu lisanafike, ngakhale woonetsayo mutakhala inu nomwe eni ake. Ku Ulaya pamenepa sanyengerera, mukaponya chithunzi lero, ofesi yawo ya ma patenti idzatenga chithunzi chanu chomwecho nkukukanirani nacho. Ku America amapatsako mwini wake chaka chimodzi chiululireni, koma musadalire zimenezo chifukwa mudzakhala mutadziphera kale mwayi kumayiko ena ambiri. Mnzanu wosula uja naye musainirane kapepala koti asunga chinsinsi, ndipo mumvane panopa ndalama zisanaoneke, kuti kodi iye anangosula zomwe munamuuza kapena anaikapo nzeru zake, poti ngati anaikapo ndekuti dzina lake liyenera kulowa nawo pa fomu.

Tsono patenti yeniyeniyo ndi mpanda basi. Boma limakupatsani mphamvu yoletsa ena kupanga, kugulitsa kapena kulowetsa m'dzikomo chinthu chanucho kwa zaka 20 m'mayiko ambiri, kuwerengera tsiku lomwe munapereka fomu, osati tsiku lomwe avomereza ayi, ndipo poti kuunika kumatenga zaka zingapo, zaka zodyerera zimakhala zachepa kale. Inunso mbali yanu ndi yoti mufotokoze zonse poyera mmene chidacho chimapangidwira, moti munthu wodziwa ntchitoyo atawerenga atha kuchipanga yekha, ndipo m'mayiko ambiri pakatha miyezi 18 fomu yanu imasindikizidwa aliyense nkumaiwerenga. Mpandawo sukulimirani m'munda, sukupezerani wogula, ndiponso wakuba akadumpha apolisi sabwera okha, ndinu nomwe mumalemba loya nkukasuma ndi ndalama za m'thumba mwanu.

Musanalipire loya aliyense khalani pansi mufufuze nokha pa intaneti, nzaulere. Pali Google Patents, pali Espacenet ya ofesi ya ku Ulaya, palinso Patentscope ya WIPO, bungwe loona za ma patenti padziko lonse. Ma patenti onse anawaika m'magulu, ndipo gulu lanu ndi A61B 10/02, la zida zotengera kanyama kokayeza, pomwe zodulira pa opaleshoni zili pa A61B 17/32. Lembani nambala imeneyo muone mmene atulukire zikwizikwi, ena zithunzi zake mudzachita kudabwa kuti aa, si changa chija ichi. Singano ya Silverman ndi ya 1938. Menghini wa ku Italy anabweretsa yake yotengera kanyama ka chiwindi mu 1958, yoyamwa ndi jakisoni mwachangu zedi wodwala atagwira mpweya. Ya Jamshidi yoboolera fupa kutenga mafuta a mkati mwake ndi ya 1971. Tru-Cut, imene mwina ndi mtundu womwe mumagwira inuyo, mukaiyang'anitsitsa ndi tizitsulo tiwiri, kamkati kolimba kokhala ndi kamphako cham'mbali pafupi ndi nsonga, ndi kachubu kakuthwa kakunja, kamkatiko kamayamba kulowa m'chotupa, kanyama nkugwera m'kamphako kaja, kenako kachubu nkutsetsereka pamwamba pake nkudula nkutsekera kanyamako momwemo. Ena anadzaikako sipuling'i kuti izingokhethemuka ukadina, ena anadzaikako mphamvu yoyamwa monga Mammotome ya mu 1995 ya zotupa za m'mawere, yoti singano ilowe kamodzi koma itenge tinyama tambiri. Mukaona bwino aliyense wa amenewa anangosintha kanthu kamodzi kapena tiwiri pa zomwe zinalipo kale, nde kusintha nsonga kokha si nkhani yochepa ayi, bola kusinthako kukhale koti katswiri wina aliyense sakanangokuganiza mosavuta, ndiponso muthe kuonetsa chimene kwakonza, tinene kuti kanyama kakutuluka kathunthu kosaphwanyika.

Pa fomu yonse mbali yomwe ili ndi mano ndi ya kumapeto, ma claim, timizere tamanambala tonena ndendende chomwe mukuti nchanu. Mukalemba mopanikiza kwambiri, mwachitsanzo kamphako ka mamilimita akutiakuti pa chitsulo chakutichakuti, kampani ina ingosintha muyezo pang'ono nkumapanga zake osakulakwirani. Mukalemba motambalala kwambiri wounika akukanirani poti mwalowerera zinthu za anthu akale. Apa ndi pomwe loya amagwirira ntchito ndalama zake, ndipo akhale wa ma patenti ndithu, osati loya aliyense poti anakuthandizanipo pa mlandu wina.

Patenti ya dziko lonse lapansi kulibe, wina akadzakuuzani kuti akupezerani imeneyo mthaweni. Dziko lililonse limapereka yake ndipo imathera pa malire ake. Chomwe chilipo ndi njira zogulira nthawi. Pangano la ku Paris la 1883 limati mukapereka fomu m'dziko limodzi muli ndi miyezi 12 yoti mukapereke kwina tsiku loyamba lija likuwerengedwabe. Pangano la PCT la 1970, lomwe amayendetsa a WIPO ku Geneva ndipo muli mayiko oposa 150, limakulolani kupereka fomu imodzi nkudikira mpaka miyezi 30 musanasankhe mayiko oti mulowe. Palinso maofesi a zigawo, EPO ku Munich, ARIPO ku Harare, OAPI ku Yaoundé. Miyezi 30 ikakwana ndi pomwe ndalama zimayamba kutuluka ngati madzi, dziko lililonse fizi yake, loya wake, kwina kumasulira m'chilankhulo chawo, kenako ndalama zoti patenti isafe mpaka zaka 20 zithe. Nchifukwa chake anthu ambiri amagwiritsa ntchito miyezi imeneyo kusaka kampani yoti igule kapena itenge laisensi, ndipo amangolowa mayiko omwe chidacho chingapangidwe kapena kugulidwa kwambiri.

Zina ziwiri musazidumphe. Werengani kontilakiti yanu ya ntchito, chifukwa malo ambiri chimene wantchito wapanga mogwirizana ndi ntchito yake chimakhala cha bwana, ndipo ndi bwino kudziwa pano kusiyana ndi kudzamva kukhoti. Chachiwiri, kachitsanzo kanuko kasayandikire wodwala ngakhale mmodzi, kaya dokotala wina akuti tiyeni tingoyesa. Yeserani pa nyama yakufa kapena pa zoyeserera zapulasitiki, za munthu zimafuna chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku ndi cha oyang'anira zida za chipatala.

Komatu musadziderere poti ndinu wopatsira zida. Thomas Fogarty wa ku Cincinnati ku America ankagwira ntchito ngati yanu yomweyo ali mnyamata asanakhale dokotala, ndipo ankaona madokotala akung'amba mtsempha utali wonse kuti achotse magazi oundana, odwala ambiri kudulidwa miyendo ena kumwalira. Iye anatenga kachubu, nkudula kunsonga kwa chala cha gulovu, nkumangirira kumapeto kwa kachubuko ndi mfundo zimene ankamangira nyambo za mbedza, kuti kachubu kalowe pa kabala kakang'ono, kadutse pomwe magazi aundana, kabaluni kafufumitsidwe kuseri kwake nkukoka zonse zituluke. Anayamba kukagwiritsa ntchito kumayambiriro kwa ma 1960, makampani angapo anamukana, ndipo patenti inadzatuluka mu 1969. Taonani kutalika kwa zakazo, ndipo chake chinali choti chikugwira ntchito aliyense akuona.

FUNSO: Ndine dokotala wa opaleshoni. Ndapeza kadulidwe kanga kochotsera zotupa za pakhosi kosasiya chipsera chachikulu, palibe chida chatsopano, ndi luso la manja basi. Ndingatenge patenti kuti ena asamangotengera ulere? Dokotala wina

YANKHO: A dokotala, m'mayiko ambiri yankho ndi ayi. Pangano la TRIPS la bungwe loona za malonda a padziko lonse la WTO, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1995, limalola mayiko kukana ma patenti a njira zochitira opaleshoni, zochizira ndi zoyezera matenda pa thupi la munthu kapena nyama, ndipo ambiri anachitadi zimenezo. Ku Ulaya zili mu ndime 53(c) ya lamulo lawo, chida inde, mankhwala inde, koma kayendetsedwe ka mpeni pa thupi ayi.

Ku America kunali kololeka mpaka nkhani ina inawatsegula m'maso. Dokotala wa maso Samuel Pallin wa ku Arizona anatenga patenti mu 1992 pa kadulidwe kochotsera ng'ala kosafuna kusoka, kenako mu 1993 anasumira dokotala mnzake Jack Singer wa ku Vermont poti akudula chimodzimodzi osalipira. Madokotala anzawo anakwiya zedi, poti kadulidwe kameneka ambiri ankachita ndipo ankaphunzitsana ulere. Mlandu unatha mu 1996 Pallin osapeza kanthu, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya dzikolo inaika lamulo loti patenti ya njira yotere utha kukhala nayo koma sungalipiritse nayo dokotala kapena chipatala chochita opaleshoniyo, pokhapokha ngati akugwiritsa ntchito chida kapena mankhwala omwe ali ndi patenti. Ine ndikuona kuti anachita bwino, munthu ali pa tebulo magazi akutuluka dokotala asamayambe kuganiza za laisensi. Njira yanuyo lembani mu magazini ya madokotala pamodzi ndi zotsatira za odwala anu, ikakhala yabwino dzina lanu lidzamatirira pomwepo. Koma mukadzapezeka kuti mwapinda kachida kena mwapadera kuti kadulidweko katheke, kachidako nde werengani zomwe ndawayankha achemwali pamwambapa musanalembe chilichonse.

FUNSO: Ndili ndi zaka za m'ma 40 ndipo andipeza ndi ma fibroid m'chiberekero. Akuti atha kuchotsa pongoboola timabowo pamimba, nkugwiritsa ntchito makina odula chotupacho tizidutswa mkati momwemo. Ndinafunsa ngati ndi abwino, wina anandiyankha kuti musade nkhawa mayi, makinawa ali ndi patenti. Ndekuti boma linawayeza nkuwapeza abwino eti? Mayi wankhawa

YANKHO: Ayi mayi, amene anakuyankhaniyo anasakaniza zinthu ziwiri. Wounika ma patenti amafunsa ngati chinthu chili chatsopano, sakhudza wodwala, sayeza ngati chikupha kapena kuchiza, ndipo zida zambirimbiri zili ndi patenti koma sizinalowepo m'thupi la munthu. Oona ngati chida chili choyenera kugwiritsidwa ntchito ndi ena, monga FDA ku America, kapena ku Ulaya omwe amaloleza chizindikiro cha CE pansi pa lamulo latsopano lomwe linayamba kugwira ntchito mu May 2021.

Makina mukunenawo dzina lake ndi morcellator, kachubu kokhala ndi mpeni wozungulira kunsonga komwe kamasenda chotupa nkumatulutsa tizidutswa pa kabowo kakang'ono, ubwino wake bala laling'ono ndipo munthu amachira msanga. Ku America analowa pa msika kudzera njira yotchedwa 510(k), pomwe kampani imangoonetsa kuti chida chake nchofanana ndi china chomwe chili kale pa msika, nthawi zambiri popanda kuyesa pa odwala ambiri. Vuto linadzaonekera poyera mu 2013 pomwe dokotala wina wa ku Boston, Amy Reed, anachitidwa opaleshoni yotere poganiza kuti ndi fibroid wamba, chikhalirecho munali khansa yobisala ndipo makinawo anaimwaza m'mimba monse. Iye ndi amuna ake analimbana nayo nkhaniyi mpaka FDA mu April 2014 inachenjeza madokotala, ponena kuti mwa amayi pafupifupi 350 ochitidwa opaleshoni ya ma fibroid mmodzi amakhala ndi khansa yotere osadziwa. Kampani ya Johnson & Johnson inachotsa makina ake pa msika chaka chomwecho. Mayi Reed anamwalira mu 2017. Mu 2020 FDA inati makinawa azigwiritsidwa ntchito chotupa chili mkati mwa kathumba kapadera kuti tizidutswa tisamwazike, ndiponso asagwiritsidwe ntchito pa ma fibroid a amayi omwe anasiya kusamba kapena opitirira zaka 50, ngakhalenso pomwe akukayikira khansa.

Sindikuti mukane opaleshoniyo, pa msinkhu wanu madokotala ambiri amaichitabe. Koma mubwerere mukafunse dokotala amene adzakuduleniyo, osati wina aliyense wa pa khonde, kuti ayeza chani pofuna kutsimikiza kuti mulibe khansa, adzagwiritsa ntchito kathumba kaja kapena ayi, nanga atang'amba pamimba nkuchotsa chotupa chathunthu kusiyana kwake nkotani kwa inuyo. Dokotala wabwino mafunso amenewa samukwiyitsa.

FUNSO: Ine ndikuphunzira za udokotala ndipo nkhani ya ma patenti imandinyansa. Chida chopulumutsa moyo munthu nkumati nchanga ndekha, si dyera limeneli? Wophunzira

YANKHO: Achimwene, dyera lilipo, sindikutsutsani. Makampani ena patenti ikatsala pang'ono kutha amasintha kanthu kakang'ono nkutenga ina, ena amapanga makina oti azilandira singano za kampani yawo yokha zogwiritsa ntchito kamodzi nkutaya, chipatala nkumangogula kwa iwo mpaka kalekale. Koma taganizaninso mmene anthu ankatetezera nzeru zawo popanda kulemba poyera. Banja la a Chamberlen, lomwe linathawa ku France kupita ku England mu 1569, linapanga forceps yothandizira kutulutsa mwana akakakamira pobadwa, ndipo linaibisa zaka zoposa 100, bambo kusiyira mwana, mwana kusiyira mdzukulu. Ankabwera nayo m'chibokosi chachikulu, kutulutsa anthu onse m'chipinda, mayi woyembekezera kum'manga kumaso kuti asaone. Zida zawo zenizenizo zinadzapezeka mu 1813 pansi pa matabwa m'nyumba yawo ina ku Essex. Amayi ndi ana omwe anafa zaka zonsezo kwina chida chilipo palibe anawawerenga. Patenti ndi yoipa pang'ono poyerekeza ndi zimenezo chifukwa imakukakamiza kuulula ndipo imatha, nchifukwa chake lero singano za mtundu wa Tru-Cut ndi Jamshidi zikupangidwa ndi makampani ambirimbiri.

Chomwe ambiri sadziwa nchoti patenti imaluma m'dziko lokhalo lomwe inalembetsedwa, ndipo eni zida zambiri savutika nkukalembetsa kumayiko omwe akuona kuti kulibe msika waukulu. Ndekuti kumeneko munthu atha kuwerenga patentiyo pa intaneti nkupanga chidacho osaphwanya lamulo la patenti, bola asakagulitse komwe inalembetsedwa. Chomwe chimavuta kawirikawiri ndi fakitale, chitsulo choyenera, kuphera tizilombo ndi chilolezo cha oyang'anira. Mkwiyo wanuwo mukamaliza sukulu ukathere kumeneko.

FUNSO: Anandichotsa chotupa chaka chatha ndipo sindinachionenso. Nanga atapangira mankhwala kapena kutenga patenti ndi kanyama kanga, ine ndilandirapo kanthu? Bambo wofuna kudziwa

YANKHO: Bambo, nthawi zambiri chotupa chikachoka chimapita ku labu, amadulako tizidutswa nkutiumitsa mu phula kuti aone pa maikulosikopu ndi kusunga, chotsalacho amawotcha, nde mwayi woti chanu chinapangitsa munthu kulemera ndi wochepa zedi. Koma funso lanu linafikapo kukhoti. John Moore anamuchotsa kapamba (spleen) mu 1976 ku chipatala cha UCLA ku Los Angeles chifukwa cha khansa ya m'magazi, ndipo dokotala wake David Golde anapitiriza kumuitana kuchokera ku Seattle kwa zaka zingapo kudzatenga magazi ndi zina, osamuuza kuti maselo a kapamba uja akuwaweta mu labu. Patenti ya maselowo inatuluka mu 1984. Moore atazindikira anasuma, ndipo mu 1990 khoti lalikulu la California linagamula kuti kanyama kakachoka m'thupi si katundu wake woti angalipiritse, koma linatinso dokotala analakwa posamuuza kuti ali ndi phindu lomwe akuyembekezera. Mwina munamvaponso za Henrietta Lacks, yemwe anamutenga maselo a khansa ya khomo la chiberekero mu 1951 ku Johns Hopkins ku Baltimore iye osadziwa, maselo a HeLa omwe akugwiritsidwabe ntchito m'ma labu padziko lonse, banja lake linadzagwirizana za chipukuta misozi ndi kampani ya Thermo Fisher mu 2023, patatha zaka 72. Ndipo mu 2013 khoti lalikulu la America pa mlandu wa kampani ya Myriad linati DNA yachilengedwe yongochotsedwa m'thupi singakhale ndi patenti.

Awa ndi malamulo a ku America, dziko lililonse lili ndi ake, koma pomwe nkhani imagona paliponse ndi pa fomu yomwe mumasaina musanalowe mu fiyeta. Mukapite kuchipatala komwe anakudulaniko mukapemphe kuona fomu yanu ndi lipoti la ku labu, muone ngati panali mzere wonena zosunga kanyama kuti kagwiritsidwe ntchito pa kafukufuku. Ulendo wina mzere umenewo mutha kuukana, opaleshoni yanu nkuchitikabe chimodzimodzi.